Mphindi Zisanu

Chipinda chino chilibe windo.
Chimazizira ngati Juni, ngakhale kunja
Okutobala akuwotcha malata a ku Kapata.
Ndimalowa nditavala juzi, alonda nkumandiseka pageti.

M'kabati yachitsulo muli swichi,
chibokosi chakuda, chophwatalala,
makomo makumi awiri ndi anayi m'mizere iwiri,
khomo lililonse ndi kadiso kake kobiriwira
kophethira osatopa.
Ulusi wachikasu ukulowa, wina ukutuluka.
Mkati mwa ulusi muli galasi loonda kuposa tsitsi,
mkati mwa galasi mukuthamanga kuwala
komwe diso langa silingakuone.
A Njobvu anandichenjeza tsiku loyamba:
"Zelipa, usasuzumire m'kamwa mwa faiba.
Chomwe suchiona ndicho chimachititsa khungu."

Bambo anga ankasanja makalata ku positi.
Ya ku Chadiza uku, ya ku Lundazi uko,
ya ku Katete m'thumba lija lachigamba.
Ankanyambita chala, osayang'ana kawiri.
Chibokosichi chimagwira ntchito yawo yomweyo,
kungoti sichinyambita chala:
uthenga ukafika chimawerenga adiresi
nkuutulutsira khomo lake lokha.
Zotsatira za magazi zipite ku wodi ya ana,
malipiro a aphunzitsi ku banki,
chithunzi cha khanda kwa bambo ake ku migodi.

Adiresi ikakhala yachilendo
sichichita manyazi.
Chimafuula m'makomo onse nthawi imodzi
ngati mayi wa tomato amene watola mwana mumsika:
Wayani uyu? Wayani uyu?
Wina akayankha, chimalemba:
ameneyu kwawo ndi khomo lachisanu ndi chiwiri.

Lachitatu khomo limenelo linazima.
Ndinati mwina okonza msewu ku Mtenguleni
adulanso kebulo ndi chikhasu chawo chija,
kapena anyamata ofuna mkuwa akumba usiku
nkupeza galasi losagulitsika.
Ayi ndithu. Kanali kafumbi.
Kamodzi, kofiira, ka m'misewu ya ku Mchini,
kali khale pansonga pa ulusi ngati mwini malo.
Chipatala chonse chiime chifukwa cha iko!
Ndinapukuta ndi sipiriti, kamodzi, mbali imodzi,
ndinabwezera mpaka kumva kete,
kadiso nkudzuka.

Koma pali chomwe a Njobvu anandiuza mochedwa,
magetsi atapita, jenereta ili kubangula,
ife tikusenda mbatata yootcha:
swichi siisunga dzina la wosayankhula.
Ukakhala chete mphindi zisanu
imakufufuta m'kaundula wake.
Si nkhanza, anatero, malo ndiwo ochepa.

Mphindi zisanu.

Mlongo wanga Ganizani anakwera basi ya ku Lusaka
ine ndili giredi seveni,
ati akupitirira ku Joni.
Makalata awiri. Foni imodzi pa Khirisimasi.
Kenako zii.
Thumba lililonse likamasulidwa
bambo ankayamba afunafuna kalembedwe kake,
mpaka tsiku lomwe anabweza makiyi a ofesi.

Zaka khumi ndi zinayi tsopano,
ine sindinamufufute.
Usiku ngati uno, ndikamaliza kulemba m'buku
(khomo 7, fumbi, lakonzedwa, 02:40)
ndimatenga foni
nkuponya dzina lake m'makomo onse omwe ndikuwadziwa,
magulu a ku Joni, a ku Kitwe, a kwaya ya kwathu.
Mwamuonako uyu? Ali ndi chipsera pachibwano.
Kuwala kumanyamula funsolo,
kuwoloka nalo Luangwa ndisanameze malovu.
Ndiye ndimakhala pampando wothyoka nsana,
kuyang'ana timaso.

Kunja njinga za makala zayamba kutsetsereka,
mabuleki akulira m'munsi mwa Kanjala.
Makomo makumi awiri ndi atatu akuphethira.
Lomalizalo mulibe ulusi,
lili ndi kachivundikiro ka labala basi.
A Njobvu amati ndi la sipeya.

Ndisanavule juzi
nalonso ndimalipukuta.