Wondikhala Pachifuwa

Amabwera magetsi atathima ku Matapi,
mabasi a pa Mbare Musika atazizira,
agalu nawo atatopa kuuwa.
Sagogoda. Chitseko ndimakhoma ndi maloko awiri,
koma ndimangomva bedi likulira cha kumiyendo,
kenako kulemera
ngati thumba la simenti lonyowa
pachifuwa penipeni.

Maso ali tong'o kudenga.
Ming'alu ndikuiona, malaya anga pamsomali ndikuwaona,
koma chala chakana, lilime lasanduka mwala.
Esinala ali pompano,
mpweya wake ukundiotcha paphewa,
dzina lake landifera pakhosi.

M'mawa pampopi aliyense ndi sing'anga.
Mai Chikwinya a khomo loyandikana akuti,
"Madzikirira amenewo, kwathu timawadziwa.
Alipo akukuyesa bulu usiku,
ika mpeni kunsi kwa pilo."
Che Mdoka atelala akuti ndi jini,
linadutsa pa Nyamapanda lopanda pasipoti.
Mpostoli wa mkanjo woyera wandipatsa madzi m'botolo
ndi timiyala titatu.
Namwino wa pakiliniki sanadzutse n'komwe mutu:
"Kutopa, bambo. Musamagone chagada."

Ndagona chammbali.
Ndagona chafufumimba.
Mpeni wachita dzimbiri.
Wabwerabe.

Usiku wathawu ndinaleka kulimbana naye,
ndinangonunkhiza.
Fodya wa chingambwe. Girizi wa kunjanji.

Kodi ndinu, bambo?
Inu amene munaponda minga kuchokera ku Ntcheu
kudzasaka ya njinga ndi malata,
n'kumati "chaka chamawa tikwera"
kwa zaka makumi anayi,
mpaka tinakakusiyani ku Mbudzi
m'dothi losadziwa mfunda wanu,
dzina lolakwika pa kachitsulo?
Sutukesi yanu ikadali kunsi kwa bedi lino,
muli jekete lija munkasungira tsiku lofika.

Ngati ndinu, sendezani bondo ndipumeko.
Njira ya kumudziko sindiidziwa,
Chichewa changa chomwe n'cha zigamba,
ya basi ndi ija tinagulira mafuta a nyale.

Sanayankhe.
Kutsidya kwa Mukuvisi tambala analira,
chala chinavomera, kenako mkono.
Esinala anatembenuka ali m'tulo:
"Mwayambanso kubuula."

Ndinagwada pansi mumdima,
ndinakoka sutukesi ija ndi manja onse awiri.
Muli jekete limodzi lokha,
koma kulemera kwake
ngati thumba la simenti lonyowa.