Bedi la Awiri

Helikoputa imatitula ngati matumba a simenti
pa nsanja yachitsulo, kutali ndi Macaé,
komwe ngakhale mbalame zimafika zili wefuwefu.
Masabata awiri. Ine ndimawerengera pa masokosi:
peya yoyera ikatsala imodzi, mawa ndi kumtunda.

Ndimagwira usiku,
sikisi madzulo mpaka sikisi m'mawa.
Paipi pamwamba pa paipi,
kumanga, kutsitsa, kumanganso,
chitsulo chikumira m'madzi, kenako m'thanthwe
lomwe palibe diso lidzalione.
Matope oboolera amanunkha dizilo ndi dzira lovunda,
amalowa m'zikhadabo ndi m'makwinya a khosi,
sopo wa kampani amangowapatsa moni.

Makutu timatseka, ndiye timayankhula ndi manja.
Chibakera: ima. Chala chozungulira m'mwamba: kweza.
Genivaldo wa pa kireni ali ndi zala zinayi kumanja,
akatambasula dzanja kuti mphindi zisanu
timamufunsa kuti yachisanuyo waisiya kuti,
iye n'kuloza m'nyanja, mano onse pamtunda.

Kumapeto kwa nsanja lawi la gasi silizima.
Limabangula mpaka kucha, mafunde ali psuu,
pansi pathu nsomba zonona zikuzungulira mizati
mosatekeseka, poti mbedza n'njoletsedwa kuno.

Chipinda changa n'cha awiri, koma sitikumana.
Ndikamalowa, iye watuluka kale.
Ndimapeza matiresi akadali ofunda,
pakati pali kadzenje ka munthu wolemera kundiposa.
Pachitseko palembedwa Josenildo.
Mwina tidadutsanapo pa masitepe, ndani angadziwe,
tonse ovolosi yofiirira, chipewa, magalasi.
Ndimamudziwa ndi silipasi zabuluu,
mapiritsi a mtima m'kabotolo,
ndi chithunzi cha kamtsikana kogweluka mano
chomatidwa ndi tepi pakhoma.
Tsiku lina adandisiyira switi ya mtedza pa pilo.
Ine ndidamusiyira lumo latsopano.
Miyezi isanu ndi itatu takhala tikucheza choncho.

Pakhomo la kantini pali bolodi:
masiku opanda ngozi, 611.
Lachinayi ndidadzidzimuka dzuwa lili paliwombo,
helikoputa ikutera pa ola lomwe siibwera.
Ndidatembenuka n'kugonanso.
Madzulo ndidapeza Dona Valdirene wa kukhitchini
akufufuta nambala ija ndi kansalu kopukutira mbale.
Unyolo udaduka, adatero osandiyang'ana.
Mwendo. Ali moyo.
Kenako adandipakulira nyemba zambiri kuposa masiku onse.

Usiku umenewo paipi idatsikabe.
Akuluakulu adatisonkhanitsa mphindi khumi,
tidasaina pepala, tidavala magolovesi.
Genivaldo sadaseke ndi aliyense,
katundu ankamutsitsa pang'onopang'ono ngati mazira.

M'mawa bedi linali zii.
Ndidagona m'mphepete, kadzenje kaja ndidakasiya.
Injini zinkanjenjemeretsa khoma monga mwa nthawi zonse,
koma tulo tidakana,
ndidangomvera kapu ikugogoda pa shelefu.

Pa foni Jucélia adafunsa kuti kuli bwanji.
Ndidati nyanja ili bata.
Adati gasi wophikira wakweranso mtengo,
botolo limodzi ngati ukugula mbuzi.
Ndidasuzumira pa zenera, lawi lija likudya mlengalenga,
ndidangoti ndamva.

Lero peya ya masokosi yatsala imodzi.
M'chikwama ndaikamo silipasi zabuluu, zonse ziwiri,
poti sindikudziwa kuti afuna iti.
Chithunzi ndachimatula mosamala, tepi yatengako penti.
Tikatera ndigula switi ya mtedza pa kona ya chipatala,
ndikwera masitepe ndi fungo langa la dizilo,
ndipo kwa nesi ndikatchula dzina lokha.
Akandifunsa kuti ndine ndani wake
ndikati timagona bedi limodzi,
aganize zomwe angaganize.