Ola Lapitali Lokha

Kamodzi kokha, Lachiwiri,
ndinafunsa brawuza mtengo wotumizira maliro kumudzi.
Chiyambire, mabokosi akungonditsata:
pa nkhani za mpira, pa zanyengo,
la thundu, ati lotsika mtengo.

Lero poweruka kosamalira okalamba,
yunifomu ikadali m'thupi,
ndalowa kuchipinda kwake.
Makuki achilendo ndawakana.
Komwe ndili, isadziwe.
Kamera ndaiphimba m'maso,
maikolofoni ndaitseka makutu.
Wayifayi ya a Pritchard a pansipa
ndaichotsa m'gulu la odalirika.

Kenaka yandifunsa: tifufute mbiri yonse?

Chala changa chaima m'malere.
M'mbirimo muli dzina lako, Ndaziona,
mmene ndinalilembera usiku uja
posaka wodi yako ku Walsgrave.

Panja, Coventry wanyowa.
Basi yomaliza yadutsa yopanda munthu.
Ndasankha: ola lapitali lokha.