Doko la Pathebulo

Zenera langa ku Yeongdo limayang'ana doko la Busan,
kumene makireni amasanja makontena usiku wonse
ngati njerwa za nyumba yosatha kumangidwa.
Bambo anamerera imvi m'kachipinda ka kireni imodzi mwa amenewo.

Anga makontena sachita dzimbiri.
Amakhala m'kompyuta,
pambali pa khofi wozizira ndi makoko a manachesi.
Usiku uno ndikumanga kadoko kangakanga:
kapitawo mmodzi, antchito atatu,
onse m'mimba mwa makina amodzi
amene fani yake yayamba kale wefuwefu.

Kampata kamodzi kopitirira pa mzere wa makumi awiri
kandidyera ola lathunthu.
Kampata chabe. Malo opanda kanthu.

Kenako adzuka, wina pambuyo pa mnzake,
aliyense atafumbata kaundula wake,
tsamba lililonse lomangidwa mfundo ku tsamba lapitalo.
Awiri agwirizana. Wachitatu wakana, kwamtuwagalu.
Gyu-ri wandilembera kuchokera ku Seomyeon:
wamuyang'ana wotchi?
Inde, ikutsalira masekondi khumi ndi limodzi.
Ndaikonza, ndipo unyolo wayamba kukula,
mphete pa mphete, zilembo zobiriwira mbwee.

Itakwana fili koloko, Bambo atuluka kudzamwa madzi.
Aima kumbuyo kwanga, akununkha mankhwala opaka msana.
Mwanyamula chiyani m'mabokosi akowo?
Ndalama zoyeserera, Bambo. Sizigula ngakhale dzira.
Aseka mpaka kutsokomola.

Ndati taonani ichi,
ndapha kontena imodzi dala.
Masekondi anayi asanathe kapitawo wadzutsa ina,
nkhope yomweyo, ntchito yomweyo,
mzere sunaime n'komwe.
Ndimayembekezera kuti awomba m'manja.

Iwo duu.

Tsiku limene chingwe chinaduka n'kupsinja Tae-bok, atero,
kutacha anabweretsa wina.
Chisoti chomwecho. Sitima inanyamuka pa nthawi yake.

Fani ikulira. Kunja kireni yatsitsa bokosi lofiira.

Kaundula wakoyu, munthu angafufutemo kanthu?
Ayi, chikalowa chalowa,
onse atatu amachisunga.
Ndiye lembamo dzina lake.

Ndalemba: Pyo Tae-bok, womanga zingwe, doko lachinayi.
Woyamba wavomera, wachiwiri wavomera,
wamakani uja wachedwa pang'ono, nayenso wavomera.
Tsamba la mazana atatu ndi chisanu ndi chimodzi.
Bambo aika chala pagalasi,
chala chopindika chija,
n'kubwerera kukagona osamwa madzi awo.

Sindinawauze kuti doko ili n'loyeserera,
kuti Lachisanu ndimaligumula lonse ndi mzere umodzi
n'kuyambanso pa tsamba loyera.

Lero ndi Lachiwiri la sabata yachitatu.
Kompyuta ikutentha ngati mbaula,
Gyu-ri akufunsa chifukwa chimene ndagulira ina,
ndipo chala cha Bambo chikadali pagalasi,
kachidindo ka mafuta
komwe ndimazungulira ndikamapukuta fumbi.