Nthenga Sizinama

Ndimaweruka m'mawa, anzanga akudzuka.
Minibasi imanditula pa Kalingalinga
maso ali psuu, nsapato zikununkha chipatala,
ndipo ndisanavule yunifolomu
ndimayamba ndazungulira kuseri kwa nyumba
kumene usiku umandisiyira makalata.

Lolemba: nthenga za nkhunda pansi pa mpapaya,
zoyalidwa mozungulira ngati nkhata,
iliyonse yathunthu, yozulidwa ndi phata lake.
Wosola chonchi ali ndi mlomo, mano alibe.
Wadya chidali, wasiya mapiko ali chitambasulire.
Kabawi ameneyo.
Ndinakweza maso kuti ndimuone,
ndinangoona mawaya a magetsi opanda magetsi.

Lachinayi nthenga zinali zina,
zodukaduka kuphata, zomatana ndi malovu,
ndi kanjira kokhwekhwereza
kolowera pansi pa galimoto yakufa ya a Daka.
Mphaka wawo ali padenga, akudzinyambita,
nkhope ngati munthu wochokera kumapemphero.

Zelipa, mwana wa mng'ono wanga,
amati zonsezi ndi agalu.
Galu, mwanawe, sadya mwaulemu.
Amakutumula, amamwaza, mwendo uku, phiko uko,
amapha atatu n'kusiya atatu omwewo,
iye chake n'kuthamangitsa basi.

Nanga msoti wamawanga uja?
Tinaupeza m'khola momwemo, thupi lonse lilipo,
mutu wokha palibe.
Pawaya kabowo kosalowa chibakera cha khanda,
ndi taubweya tofiirira titakodwa pamenepo.
Likongwe, mu Lusaka muno?
Eya. Amayenda ndi ngalande,
amadziwa pamene mpanda wa njerwa unang'aluka.
Anali kuno mapuloti asanadulidwe,
alendo ndife.

Dzira lobooledwa pambali, ndi khwangwala.
Chigoba chophwanyika, chopindidwa ngati kalata yachinsinsi,
yalavula ndi njoka.
Izi ndimangowerenga ndikudutsa,
monga ndimawerengera makadi a odwala.

Kuseri kwa thanki ndinatola kampira kotuwa,
kouma gwa, kopepuka.
Ndinakaphwanya ndi kamtengo ka machesi:
ubweya, tinthiti, kachibwano ka khoswe
mano ake achikasu akadali m'malo mwake.
Zelipa analavula, nati kadzidzi ndi malodza.
Ndinati pa onsewa wolipira lendi ndi yekhayu,
amadya makoswe anga
n'kundisiyira lisiti.

Koma Loweruka lapitali tambala anasowa.
Ndinagwada, ndinakwawa, ndinasuzumira pansi pa malata,
ndinaunika ndi foni m'ngalande.
Nthenga palibe. Dontho la magazi palibe.
Chitseko cha khola chotsekedwa bwinobwino,
waya wake wopotedwa kawiri
monga ndimapotera ine mwini.
Chilombo ichi chili ndi zala.
M'fumbi, chidindo cha patapata,
chidendene chodyeka mbali imodzi.
Ndikuchidziwa chidendene chimenecho.
Chimandipatsa moni pampopi,
chinandinyamulira thumba la makala mvula ikugwa.
Kwawo ntchito inatha mwezi wa Juni,
ana anayi, wotsiriza akukhosomola.
Ndinatenga tsache n'kusesa pamenepo.
Zelipa atafunsa ndinati, likongwe.
Iye anati, likongwe amatseka chitseko?
Ndinati pita ukatereke madzi.

Dzulo ndinapha thadzi, kunabwera alendo a ku Katete.
Iwo atapita, ndinaima kuseri ndi beseni,
ndikuyang'ana zotsala zanga:
nthenga zonyowa ndi madzi otentha,
khosi lodulidwa mowongoka, kamodzi kokha,
matumbo okulungidwa m'nyuzipepala yakale,
mpeni wotsukidwa, wouma, wosadziwa kanthu.
Pamwamba pa mpanda
khwangwala anapendeketsa mutu,
diso limodzi pabeseni, kenako pa ine.
Amawerenga.