Nkhongo ya Wakabaza

Magetsi anathima Chikaiko ali pakati pa mutu wanga.
Makina anafera m'manja mwake,
theka la mutu lili mbee, theka lina thengo.
Anasuzumira panja: Chinsapo yense ali zii,
ngakhale chigayo cha a Mbendera chitatseka pakamwa.
"Timalize ndi lezala, bigi,
mpala wa lezala ndiye mpala weniweni."
Ndinavomera. Ndikanapita kuti ndi theka la mutu?

Anapala mobwerera,
kutsutsana ndi kumene tsitsi limagonera,
kenako sipiriti, thwaa!
Ndinaluma mlomo
kuti kamnyamata kodikira pabenchi kasandiseke.

Tsiku lachitatu tinamera.
Tiziphuphu, kuyambira kuseri kwa khutu
kutsetsereka mpaka pamene kolala imakhuza,
ngati mapira otayikira pamphasa.
Sindinatione. Ndani anaonapo nkhongo yake?
Ndinangotiwerenga ndi chala
nditaima pamaloboti,
helimeti itasanduka uvuni wa Okutobala,
thukuta likuthira mchere paliponse pamene ndakanda.

Koma nkhongo ya wakabaza si yake.
Ndi chikwangwani cha amene wakwera kumbuyo.

Mayi wa tomato wopita ku Tsoka anati mankhwala otsukira mano.
Makaniko wa ku Biwi, akununkha girizi,
analumbira pali malemu bambo ake: mafuta a mabuleki,
kawiri kokha, basi.
Mnyamata wina wa tayi, envulopu ya khaki ili m'khwapa,
anakhala chotalikira ulendo wonse
ngati ndanyamula khate,
ndalama n'kundipatsa ndi nsonga za zala.
Wina pa mlatho anafunsa ngati ndili ndi adani.
Ndili nawo, ndinatero,
koma sadziwa kupala.

Wa ku Bwaila anakwera m'mawa, maso ali psuu ndi ntchito ya usiku.
Sanalankhule mpaka pa Mchesi.
"Achimwene, zikhadabo zanu ndi zimene zikulima pamenepa.
Tsitsi lathuli ndi lopota.
Mukalidula pansi kwambiri limasokera,
limakhota n'kubwerera m'khungu
ngati munthu wogogoda pakhomo ali kale m'nyumba.
Kansalu ka madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo.
Lezala aiwaleni kaye.
Zikachita mafinya mubwere, musadikire.
Ndipo helimetiyi munaichapa liti?"

Ndinakhala chete.
Ndinaigula kwa mwini wake wachitatu, chaka cha mvula yoononga ija.

Madzulo Nachisale anatereka madzi pambaula,
anang'amba chitenje chakale cha chipani
chimene tonse tinaiwala kuti tinalandirira chiyani.
Ndinawerama pampando ngati wolapa.
Dzanja lake linali lofewa kuposa mawu ake:
"Kumeta kwa faifi handiredi,
kulira kwa sabata ziwiri."
Ndaziona, wa sitandade thu,
anagwira tochi ya foni n'kuyamba kuwerenga mokweza.
Anafika pa sate-foro, anasokoneza, anayambiranso.
Siponji ya helimeti inagona pachingwe
ikudontha madzi a mtundu wa msewu wa ku Eriya 36.

Usiku uliwonse chiwerengero chinkatsika.
Twente-sikisi. Naintini.
Tsiku lina anadandaula kuti masamu akutha.

Dzulo ndinadutsa pa Chikaiko.
Wagula kabatire, waika ndi sola padenga,
anandikodola ndi makina akulira:
"Bigi, mutu wakula uwo!"
Ndinaimika, phazi limodzi pansi,
ndinavula helimeti,
mphepo n'kudutsa m'katsitsi katsopano
kamene kapeza njira yotulukira.
Ndinamuuza kuti mwezi wamawa,
ndipo asiyeko pang'ono, ngati udzu wa pabwalo la mpira.

Kumbuyo kwanga wina anali atakwera kale.
Anandiyang'ana nkhongo, ndinamva ndithu,
koma anangoti, "Kawale, zingati?"