Kope la Bambo

Makadi tinasindikiza mu Ogasiti,
udzudzu ukutiluma pakhonde:
pa 8 Febuluwale, pachilumba cha Hailuoto,
alendo adzawoloka pamsewu wa madzi oundana.
Veikko anasankha zilembo zasiliva.
Nyanja yokha ndi imene sitinaifunse.

M'mamawa uliwonse bambo amatsikira kugombe,
chobowolera paphewa, tochi pachipumi,
n'kubwerako ali duu.
Kope lawo limakhala pafupi ndi ketulo.
Ndimalisuzumira akatuluka kukawaza nkhuni.
Chaka chimene anakwatira amayi:
masentimita makumi asanu ndi limodzi,
m'munsi mwake analemba kuti hatchi sinachite mantha.
Sabata yatha: khumi ndi awiri.
Dzana: asanu ndi anayi.
Lero alemba liwu limodzi lokha: mvula.

Mvula mu Januwale!
Ikugogoda padenga ngati mlendo wosaitanidwa
amene wafika ndi chikwama chogonera.
Chipale chofewa chagwa kawiri chaka chino,
n'kusungunuka tisanachijambule n'komwe.
Galu akubwera ndi matope mpaka m'mimba.

Azakhali a Onerva anandilukira chofunda chaubweya
chodzavala pamwamba pa diresi.
Chili lende kuseri kwa chitseko,
chikundiyang'ana ngati ndinachinamiza.
Woyimba vayolini amaimba foni tsiku ndi tsiku:
panja kapena m'nyumba?
Azanyengo pawailesi akuti mwina.
Abusa nawonso akuti mwina,
ndipo ndi anthu amene sakonda liwu limeneli.

Ndinkafuna kuyenda pamene amayi anayenda,
pamwamba pa nsomba zogona,
mpweya wanga ukuoneka ngati utsi
ponena kuti ndavomera.
Ndinkafuna kuti mphepo indilume masaya
monga inawalumira iwo pachithunzi chija.
Manda awo ali tsidya lomwelo.
Ndinkati ndidzafika wapansi.

Usiku Veikko anabwera ndi bokosi.
Majombo oyera, saizi yanga.
Ndinaseka mpaka misozi,
kenako misozi inapitiriza yokha.
Tinatenga lumo, tinafupikitsa diresi
ndi zala zinayi, kuti lisakwekwereze matope.

Lero bambo sanapite kugombe.
Chobowolera chatsamira khoma.
Ndawapeza m'shedi, magalasi pamphuno,
akupaka penti yoyera bwato lija
limene nthawi ngati ino limagona chafufumimba.
Sanatukule mutu.
Angoti, auze alendo asadye kwambiri m'mawa,
mafunde a mwezi uno sindiwadziwa.

Pa tsamba latsopano alemba dzina langa, Tuulikki,
ndi tsiku.
Malo a masentimita awasiya opanda kanthu.